Mwana wanga akufuna kumakonza mafiriji ndi makuka, ndimulole?

Mayi ena a ku Bangwe andilembera za mwana wawo wamwamuna. Anakhoza MSCE koma mapointi sanamufikitse ku yunivesite. Masiku ano kukangocha amakhala ali kwa bambo wina wokonza mafiriji, makuka ndi masimbi pafupi ndi msika, ndipo wanenetsa kuti ntchito yake ndi imeneyo. Bambo ake akuti abwereze Fomu 4. Mayiwa akufunsa kuti: "Kodi kutokosa zinthu zakufa za eni kungamudyetse munthu? Nanga ntchito imeneyi ili ndi sukulu yake?"

Zikomo mayi. Ndiloleni ndiyambe ndi firiji yanga, chifukwa ndi imene inandiphunzitsa kusiyana kwa mmisiri ndi munthu wongonyamula sikuludiraiva.

Chaka china firijiyo inasiya kuziziritsa. Kumbuyo kwake kunkamveka kung'ung'uza pang'ono, kenako "thi", n'kukhala zii. Pakapita mphindi zingapo, chimodzimodzinso. Woyamba amene ndinamuitana anangoika dzanja pambali pake, osamasula ngakhale sikulu imodzi, n'kunena kuti, "Bwana, apa kompuresa yapita, komanso pafunika kuthira gasi." Mtengo umene anatchula unandiumitsa pakamwa, moti firijiyo inakhala milungu iwiri tikusungiramo mbale ndi mapoto. Wachiwiri anali mtsikana, ndipo ndivomereze kuti nditamuona ndinakayika. Iye anayamba wakhala pansi n'kumvetsera kaphokoso kaja kawiri. Atazula pulagi, anachotsa kachivundikiro kakuda kapambali pa kompuresa (kainjini kopopa gasi m'firiji), n'kusolola kachipangizo kochepa ngati bokosi la machesi, kamene amati rileyi. Anakagwedeza pafupi ndi khutu langa, ndipo m'kati munkalira wayawaya ngati muli timiyala. Sanathamangire kusangalala. Anatenga mita yake yoyezera zamagetsi n'kuyeza timapini titatu ta kompuresa, tiwiritiwiri, akulemba manambala padzanja. Anandionetsa kuti manambala awiri aang'ono akaphatikizidwa akufanana ndi lalikulu lija, kusonyeza kuti mawaya a m'kati mwa kompuresa ndi amoyo. Anakagula rileyi ina, ndipo madzulo ake tinamwa madzi ozizira. Ndalama yonse sinafike ngakhale pafupi ndi imene woyamba uja ankafuna.

Mtsikanayo sindinamulipire chifukwa cha mphamvu za manja ake. Kusintha rileyi ndi ntchito ya mphindi zisanu, mwana wa pulayimale akhoza kuichita mutamuonetsa. Ndinamulipira chifukwa anadziwa pamene pali vuto. Mwana wanu akadzaphunzira zimenezo, adzadya. Akangophunzira kumasula ndi kusinthasintha zipangizo mongoyerekeza, adzakhala mmodzi mwa aja amene makasitomala amawasakasaka ndi mkwiyo, firiji ya eni itagona pashopu miyezi itatu.

Mawu oti "gasi watha" ndiwaimepo pang'ono, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amaberedwa. Gasi wa m'firiji si palafini woti amatha mukamagwiritsa ntchito. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka. Akachepa ndiye kuti pena pake pabooka, ndipo nthawi zambiri wabowola ndi mwini wake pokhokhonyola ayisi ndi mpeni. Wothira gasi asanapeze ndi kumata pobookapo akutunga madzi ndi lichero. Komanso gasi ali mitundumitundu, ndipo dzina lake limalembedwa pakompuresa pomwepo. Mafiriji akalekale ankayendera R12, amene mayiko anagwirizana zomusiya pa mgwirizano wa ku Montreal wa mu 1987 chifukwa amawononga mpweya wa kumwamba umene umatitchinjiriza ku ukali wa dzuwa. Kenako kunabwera R134a, ndipo mafiriji ambiri atsopano a m'nyumba ali ndi R600a, amene amayaka moto. Mnyamata amene sadziwa zimenezi n'kuyandikitsa lawi lowotcherera paipi muli gasi wotereyu akhoza kupsa nkhope.

Muwauze bambo ake kuti Masamu ndi Fizikisi za ku sekondale sizinapite pachabe. Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba ali pa mavoti 230. Ketulo yolembedwa mawati 2,000 imakoka pafupifupi maampu 9, n'chifukwa chake m'pulagi yake ya mano atatu mumakhala fyuzi ya maampu 13. Elementi ya ketulo yoteroyo ikakhala yamoyo, mita imawerenga maomu pafupifupi 26. Wodziwa kuwerengera izi amadziwiratu nambala imene akuyembekeza asanagunditse mita, ndipo ikasiyana amadziwa chimene chafa. Amadziwanso chifukwa chake kumanga kawaya pamalo pa fyuzi yopsa kumayatsa nyumba, ndiponso chifukwa chake kuka wa mapuleti anayi ndi uvuni salumikizidwa pasoketi wamba. Simbi yosatentha, wosadziwa amathamangira kunena kuti elementi yapsa, chikhalirecho kawirikawiri ndi chingwe chimene chathyokera m'kati pamene chimapindikapindika polowera m'simbimo.

Makina ochapira mwina simuwaona kwambiri kwanuko, koma ku Namiwawa, ku Area 47, m'malo ogona alendo ndi m'sukulu zogonera komweko alipo, ndipo odziwa kuwakonza ndi ochepa kuyerekeza ndi a mafiriji. Aja a zigoba ziwiri, chochapira ndi chofinyira, akamangong'ung'uza osazungulira mpaka mutawakankha ndi dzanja, woyamba kumukayikira ndi kapasita, kachipangizo kosunga magetsi kamene kamathandiza mota kuzungulira. Aja otsegula kutsogolo akakana kutaya madzi, mukatsegula kasefa kapansi mumapezamo makobidi, mabatani ndi timapini ta m'mutu. Koma atsopanowa, ngakhalenso mafiriji ena, ali ndi bolodi ya zamagetsi ngati ya mu wailesi yakanema, ndipo ndi imene imayamba kupsa magetsi akathima n'kubwera mwamphamvu. Mwana wanu asanyoze kuphunzira zokonza mabolodi, chifukwa ntchito ikulowera kumeneko.

Ngozi ziliponso, sindikubisirani. Mu maikolowevu muli kapasita amene amatha kusunga mavoti pafupifupi 2,000 ngakhale pulagi itazulidwa, ndipo akhoza kupha munthu pomwepo. Chimenechi asachitsegule yekha kunyumba poyeserera.

Tsopano za sukulu. Ilipo. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1999, ndi limene limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo limalengeza nthawi yolembera malo m'makoleji monga Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. Kuyambira mu 2015 boma lakhalanso likutsegula makoleji ang'onoang'ono a ntchito zamanja m'maboma. Pa zimene mwana wanu akufuna, ayang'ane kosi ya zamafiriji ndi makina oziziritsa m'zipinda, kapena ya zamagetsi. Si koleji iliyonse imene ili ndi zonse ziwiri, choncho awerenge chilengezocho bwinobwino asanasankhe. Ubwino wa njira imeneyi ndi woti amaphunzira m'kalasi kenako n'kukagwira ntchito kukampani, n'kubwereranso m'kalasi. Amene anaphunzirira pashopu nawonso ali ndi khomo lawo, mayeso a boma oyesa luso lawo, amene akakhoza amalandira satifiketi. Pepala limeneli musalipeputse. Kasitomala wa ku Bangwe sadzalifunsa, koma hotela, chipatala kapena kampani yogulitsa nsomba ndi nyama idzalifunsa. Ndipo akadzafuna kumalowetsa magetsi m'nyumba za anthu, imeneyo ndi nkhani ina, pamafunika chilolezo cha MERA.

Kodi abwereze Fomu 4? Ine ndikuti tayang'anani kaye satifiketi yake. Ngati Masamu, Chingerezi ndi phunziro la sayansi anakhoza bwino, kumubwezera m'kalasi mtima wake uli kushopu ndi kutaya fizi. Ngati maphunziro amenewa ndi amene anamugwetsa, alembenso kudzera kusukulu ya masana, m'mawa azipitabe kushopuko. Chingerezi ndikuchitchula dala, chifukwa mabuku a makina, zojambula za mawaya zimene zimamatidwa kumbuyo kwa kuka, ndi mayeso omwe, zonse zili m'Chingerezi. Ndipo khomo la yunivesite silinatsekedwe ndi njerwa: alipo amisiri amene anayambira ku koleji ya ntchito zamanja n'kudzapitiriza maphunziro a zamagetsi atayamba kale kudzilipirira okha.

Chimene ndingakupempheni ndi choti mupite nokha mukawaone bambo amene akumuphunzitsawo. Mukapereke moni ngati kholo, koma maso akhale akugwira ntchito. Kodi ali ndi mita, kapena amayesa magetsi ndi tesita yokha? Ali ndi mageji oyezera gasi ndi pampu yokokera mpweya m'mapaipi asanathire gasi? Akasintha chipangizo, chakalecho amabweza kwa mwini wake? Nanga mwana wanuyo amaloledwa kugwira mita, kapena ntchito yake ndi kunyamula chikwama ndi kukagula chipisi? Mmisiri wabwino amamufunsa wophunzira kuti, "Iwe ukuganiza kuti chavuta n'chiyani?" asanamuuze yankho. Mukapeza kuti bambowo ndi a "gasi watha" aja, musamuletse mwana ntchitoyo, mungomupezera kwina.

Za ndalama ndisakunamizeni kuti adzalemera msanga. Zaka zoyamba adzapeza ya sopo ndi ya thiransipoti basi. Ntchito ya mafiriji imachuluka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, pamene aliyense wogulitsa mafirizesi, zakumwa ndi nyama amakhala pamoto firiji ikafa tsiku limodzi. Mu Juni ndi Julayi imazilala, ndipo apo m'pamene wodziwanso makuka, masimbi, maketulo ndi magiza amapulumukira. Mpamba woyambira si waukulu. Ngati muli ndi kangachepe kamene munasungira fizi yobwerezera, mugulireni mita yabwino, pulayazi, masikuludiraiva okutidwa bwino ndi kope. M'kopemo azilemba chinthu chilichonse chimene wachigwira: chinkatani, iye anaganiza chiyani, ndipo vuto lenileni linapezeka pati.

Loweruka likubwerali mupatseni simbi kapena hotipuleti yakufa imene ili pansi pa bedi, bambo ake ali pomwepo. Asanamasule sikulu, afotokoze malo atatu amene akuwakayikira ndi momwe ayezere aliwonse. Akayamba ndi pulagi ndi chingwe, mudziwe kuti kushopu kuja sakungopitira chipisi.