Chifukwa Chake Chokoleti cha ku America Chikusiyana ndi Chimene Munazolowera

Mayi, ndawerenga funso lanu lija lakuti alongo anu a ku America anakutumizirani chokoleti cha Cadbury Dairy Milk, koma mutachilawa munamva kuti sichikufanana ndi chimene mumagula m'masitolo a ku Blantyre, moti mukuda nkhawa kuti mwina n'chachinyengo kapena n'chosayenera kupatsa ana. Ndaonanso ena akukuyankhani kuti mazira a chokoleti a Kinder ndi oletsedwa ku America chifukwa ali ndi poizoni. Mundikhululukire kuti ndilemba motalikirapo, chifukwa kuno ku Britain ndinagwirapo ntchito m'nyumba yosungiramo zakudya za m'masitolo, ndipo sindingakondwe kuti mutaye mphatso ya alongo anu chifukwa cha mphekesera.

Lilime lanu silinakunamizeni. Chokoleti chimene mwalandiracho n'chosiyanadi ndi chimene munazolowera, ngakhale kuti dzina ndi pepala lokutira la mtundu wa pepo n'zofanana. Kuyambira mu 1988, chokoleti cha Cadbury chogulitsidwa ku America chimapangidwa ndi kampani ya Hershey ya ku Pennsylvania, imene inagula chilolezo chogwiritsa ntchito dzinali m'dzikolo. Chimene chimapezeka kwambiri m'masitolo a ku Malawi chimachokera ku South Africa, kumene Cadbury ili ndi fakitale mumzinda wa Gqeberha, umene kale unkatchedwa Port Elizabeth. Kuno ku Britain kwawo kwa chokoletichi ndi ku Bournville mumzinda wa Birmingham, kumene Dairy Milk inayambira mu 1905. Tsiku lina mnzanga wa kuntchito anabwera ndi cha ku America, ndipo tinachiika pambali pa cha kuno n'kuyamba kuwerenga kuseri kwa mapepala. Lamulo limafuna kuti zinthu zimene aikamo azilembe motsatira kuchuluka kwake, kuyambira chimene chachuluka kwambiri. Pa cha kuno mawu oyamba anali mkaka, pamene pa cha ku America mawu oyamba anali shuga. Kusiyanaku n'kodziwika moti mu 2015, kampani ya Hershey itapita kukhoti n'kuletsetsa amalonda ena kuitanitsa Cadbury ya ku Britain, anthu a ku Britain okhala ku America anadandaula kwambiri. KitKat nayo ili chimodzimodzi, popeza padziko lonse imapangidwa ndi Nestlé, koma ku America imapangidwa ndi Hershey.

Ngati m'katundumo mulinso chokoleti cha dzina la Hershey lenilenilo, mwina mwamva kakomedwe kowawasira pang'ono kokumbutsa chambiko. Akatswiri a zakudya amati kakomedweka kamachokera ku asidi wotchedwa butyric, amene amapezekanso mu batala wogonera ndi m'mitundu ina ya tchizi, ndipo ambiri amakhulupirira kuti amabwera chifukwa cha mmene kampaniyi imakonzera mkaka wake, ngakhale kuti njirayo ndi chinsinsi chawo. Milton Hershey, amene anayambitsa kampaniyi, anayamba kugulitsa chokoleti chake cha mkaka mu 1900, ndipo mibadwo ya anthu a ku America yakula ikudziwa kuti chokoleti chimakoma choncho. Munthu wa ku Ulaya akachilawa koyamba nthawi zambiri amakwinya nkhope, pamene wa ku America akalawa cha ku Switzerland amatha kunena kuti chikusowa kanthu kena. Anthu a ku Switzerland anazolowera chosalala kwambiri pa lilime kuyambira pamene Rodolphe Lindt anatulukira mu 1879 makina otakasa chokoleti kwa nthawi yaitali, ndipo ku Japan KitKat anaipanga m'mitundu yoposa 300, kuphatikizapo ya tiyi wobiriwira.

Gwero lalikulu la kusiyanaku ndi malamulo, chifukwa mawu akuti chokoleti cha mkaka satanthauza chinthu chimodzi kulikonse. Ku America bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala la FDA limafuna kuti mukhale koko wopera wosachepera 10 peresenti ndi zochokera ku mkaka zosachepera 12 peresenti. Mayiko a mu European Union, malinga ndi lamulo lawo la mu 2000, amafuna zochokera ku koko zosachepera 25 peresenti ndi za mkaka 14 peresenti, koma Britain ndi Ireland analoledwa kusunga kapangidwe kawo kakale ka 20 peresenti ya koko ndi 20 peresenti ya mkaka. Lamuloli linabwera pambuyo pa mkangano umene unayamba mu 1973 pamene Britain inalowa m'gwirizano wa mayiko a ku Ulaya, chifukwa mayiko monga Belgium, France ndi Italy ankakana kuti chinthu chosakaniza ndi mafuta a zomera zina chizitchedwa chokoleti. Pamapeto pake anagwirizana kuti mafuta oterowo asapitirire 5 peresenti, ndipo achokere ku zomera zisanu ndi chimodzi zokha, zina mwa izo ndi kanjedza wa mafuta, mtengo wa shea ndi njere za mango.

Apa ndikufuna mumvetse bwino, chifukwa ambiri amathamangira kunena kuti ku America malamulo ndi olekerera pa chilichonse. Pa nkhani ya mafuta, America ndi imene ili yokhwima kuposa Ulaya, popeza kumeneko chinthu sichingatchedwe chokoleti cha mkaka ngati mafuta a koko awalowetsa m'malo ndi mafuta a zomera zina. N'chifukwa chake mu 2008, Hershey itasintha mafuta m'zinthu zake zina monga Mr. Goodbar, inachotsa mawu akuti "milk chocolate" pa mapepala n'kulemba mawu ena. Mukaona katundu wa ku America atalembedwa "chocolate candy" kapena "chocolatey", dziwani kuti nthawi zambiri ndiye tanthauzo lake. Dairy Milk ya kuno ku Britain ili ndi mafuta a kanjedza ndi a shea, choncho ikanati ipangidwe ku America sibwenzi ikutchedwa ndi dzina limene ili nalo kuno.

Za mazira a Kinder Surprise, amene akunena za poizoni akulakwitsa. Dziko la America lili ndi lamulo la mu 1938 loletsa kugulitsa switi kapena chokoleti chimene m'kati mwake abisamo chinthu chosadyedwa, ndipo lamuloli linakhazikitsidwa kalekale mazirawa asanayambe kupangidwa ku Italy mu 1974. Vuto ndi kachidole kamene kamakhala m'katimo, chifukwa mwana wamng'ono akhoza kukaika m'kamwa n'kutsamwa nako. Ku Ulaya mazirawa amaloledwa, koma amalembapo chenjezo lakuti kachidoleko si koyenera ana osakwana zaka zitatu. Kampani ya Ferrero, imene imapanga Kinder, inayamba kugulitsa ku America mtundu wina wotchedwa Kinder Joy mu 2017, umene chakudya chimakhala mbali imodzi ndi chidole mbali ina. Dziko la Chile nalo linaletsa mazirawa mu 2016, koma pa chifukwa china, chakuti lamulo lawo silifuna kuti ana azikopedwa ndi zidole kuti adye zinthu za shuga wambiri. Ineyo pa nkhaniyi ndimaona kuti nkhawa ya a ku America ndi yomveka, makamaka kwathu kumene mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amagawana chilichonse ndi mng'ono wake amene akukwawa. Ngati mwagulira ana dzira lotere, tsegulani nokha ndipo tizidutswa ta chidoleto tisatsale pamkeka.

Kumene Ulaya ali patsogolo ndi pa utoto wa zakudya, umene umakhudza kwambiri maswiti a chokoleti okutidwa ndi chigoba cha mitundumitundu. Ofufuza a ku yunivesite ya Southampton anatulutsa mu 2007 zotsatira zosonyeza kuti mitundu ina ya utoto imachititsa ana ena kusakhazikika, ndipo kuyambira mu 2010 zakudya zokhala ndi mitundu isanu ndi umodzi ya utotowu ku Ulaya zimayenera kulembedwa chenjezo. Makampani ambiri anasankha kusintha utoto m'malo molemba chenjezolo. Itatu mwa mitunduyi ndi imene ku America amaitcha Red 40, Yellow 5 ndi Yellow 6, ndipo imapezeka m'maswiti ambiri a kumeneko. Mu 2022 European Union inaletsanso utoto woyera wa titanium dioxide, umene pa mapepala umalembedwa E171, koma Britain sinatsatire chiletsochi. America nayo mu January 2025 inalengeza zoletsa utoto wofiira wotchedwa Red 3. Dairy Milk imene mwalandirayo, ngati ili yopanda zoikamo zina, nkhani ya utotoyi siikukhudza.

Palinso cadmium, chitsulo chimene mtengo wa koko umayamwa m'nthaka, makamaka m'madera ena a ku Ecuador ndi Peru, pamene koko wa ku Ghana ndi Côte d'Ivoire kawirikawiri amakhala nacho chochepa. Kuyambira mu January 2019, ku Ulaya chokoleti cha mkaka chokhala ndi koko wosafika 30 peresenti sichiyenera kupitirira mamiligalamu 0.10 pa kilogalamu, ndipo chakuda cha koko wa 50 peresenti kupita m'mwamba malire ake ndi 0.80. Nkhawayi ndi ya munthu amene amadya chokoleti chakuda tsiku ndi tsiku, osati mwana amene walawa tizidutswa tiwiri ta mphatso.

Ngozi imene inadwalitsadi ana m'zaka zapitazi inachokera ku Ulaya komweko, kumene malamulo ndi okhwima. Mu April 2022, chokoleti cha Kinder chopangidwa pa fakitale ya ku Arlon m'dziko la Belgium chinachotsedwa m'masitolo m'mayiko ambiri chifukwa cha tizilombo ta salmonella, ndipo ambiri mwa odwala anali ana aang'ono. Mu 2006 Cadbury inachotsanso m'masitolo a ku Britain chokoleti choposa miliyoni imodzi pa vuto lomweli, ndipo chaka chotsatira khoti linailipiritsa chindapusa cha mapaundi miliyoni imodzi. Tizilomboti timakhalitsa m'chokoleti chifukwa timatetezedwa ndi mafuta a m'chokoletimo, ndipo sitisintha fungo kapena kakomedwe. Choncho mukamva chilengezo chochokera ku kampani kapena ku Malawi Bureau of Standards chakuti katundu wina abwezedwe, yerekezerani nambala ndi tsiku zimene atchula ndi zimene zili pa pepala lanu, chifukwa lilime silingakuuzeni chilichonse pamenepa.

Kutentha nako kumasintha chokoleti paulendo. Mafuta a koko amasungunuka kutentha kukafika pafupifupi madigiri 34, ndipo katundu wochokera ku America amadutsa m'malo ambiri asanafike m'manja mwanu. Chaka china ndinapita kumudzi mu October nditanyamula chokoleti m'chikwama, ndipo pamene basi imafika ku Salima chinali chitafewa ngati phala. Titachiika pozizira chinaumanso, koma pamwamba pake panatuwa ngati pawazidwa ufa, ndipo amayi anga anafuna kuchitaya poganiza kuti chachita nkhungu. Kutuwako ndi mafuta a koko amene asungunuka n'kuumanso pamwamba, ndipo sikudwalitsa, kungoti chokoleticho chimakhala chofumbutuka m'kamwa ndipo kukoma kumachepa. Ngati chanucho chatuwa motere, mbali ina ya kusiyana kumene mwamva yachokera pamenepo.

Musanapatse ana, onani ngati pepala silinang'ambike kapena kubooledwa ndi tizilombo, ndipo ngati pali mwana amene thupi lake limadana ndi mtedza, mkaka kapena soya, werengani mzere wa chenjezo umene uli pansi pa mndandanda wa zinthu zimene aikamo. Pa tsiku lothera ntchito musamale, Mayi, chifukwa a ku America amayamba kulemba mwezi kenako tsiku, moti 03/08 kwa iwo ndi pa 8 March pamene kwathu tingawerenge kuti ndi pa 3 August. Zonsezi zikakhala bwino, agawireni anawo pang'onopang'ono, ndipo chotsalacho muchisunge m'chitini chotseka pamalo ozizira.