Za manja a azakhali

Halo... ikujambula? Eya. Msuweni, ndamva funso lako, loti mafizo owongola zala zopindika ndi khate anawauza azakhali kuchipatala aja akuthandizadi kapena tikungotaya nthawi. Hmm. Iwe ndimakudziwa, kuyambira chaka cha madzi osefukira chija sunafunsepo chinthu molunjika.

Dikira kaye. Ukuwakumbuka amalume a ku Bangula? Aaa, unali kamwana ka mamina iwe. Iwo mankhwala a khate anamaliza, miyezi 12 yonse, koma mapazi anatsala a dzanzi. Tsiku lina mu Okutobala, mchenga ukuwotcha ngati chiwaya, anavula nsapato zawo za matayala, ati zikuwachedwetsa, ulendo kukavuula mono kudambo. Pobwera akuimba nyimbo, nsomba paphewa, m'mbuyomu magazi dontho dontho. Munga wa msangu uli m'chidendene, iwo osamva kanthu! Agogo kukuwa, iwo kuseka, ati ine ndine chitsulo. Chitsulo chake chiti, chilonda chija chinawagoneka mwezi... ayi ndanama, dzinja lonse, chaka chimenecho sanalime. Atachira ndiye anasanduka aphunzitsi. Madzulo aliwonse beseni, madzi ozizira, kuviika mapazi mphindi 20, kukwecha zikang'a ndi mwala, kudzola Vaselini, kenako kuyang'ana kuphazi ndi kagalasi. Kagalasi kaja anachita kulanda kwa mayi ako, nkhani ija ukuidziwa, tisaidzutse.

Ndimati chiyani... eya, mafizo. Dzanzi lakalekale sachotsa, usadzinamize. Ntchito yake ndi yoti zala zisaume zitapindika. Uviike manja, udzoze mafuta, dzanja ligone pantchafu, uziwongola chala chimodzichimodzi pang'onopang'ono, tsiku lililonse. Mphika asagwire wopanda kansalu. Koma ukamva akudandaula kuwawa kwatsopano pachigongono, kapena phazi layamba kukwekwereza, kapena diso silikutsekeka, usadikire. Ndi mtsempha watupa umenewo, kuchipatala amapereka prednisolone, ndipo amagwira bwino ukafulumira.

Tsono chimene ukufunsa chenicheni... ukuopa kuwagwira, eti? Kuti ungapatsire khanda lako khatelo? Usachite manyazi, nanenso poyamba ndinkasamba m'manja mpaka sopo kutha. Munthu akangoyamba kumwa mankhwala aja sapatsiranso mnzake, ndipo azakhali ali mwezi wachisanu akumwa mankhwalawo. Zala zopindikazo ndi mtsempha unawonongeka, tizilombo ayi. Agwire manjawo, msuweni. Okha sangathe, dzanja lodwala lingawongole bwanji linzake lodwala?

Ndiye usatume mwana wa eni, usayime patali ngati mlendo wa pamaliro. Khala pamphasa, uwagwire wekha.

Vaselini ndipatsira wa minibasi ya ku Nchalo Loweruka. Wamva? Uziwagwira. Ndipo usadzole wekha, nkhope yakoyo ndi yosalala kale.