Mwakakamira pa 1:52 ku Monza? Musagule kaye chiwongolero chatsopano

Achimwene, mwati muli ndi chiwongolero cha Logitech G29, mumasewera masewera a mpikisano wa magalimoto a Assetto Corsa Competizione (ACC) maola awiri kapena atatu madzulo aliwonse, koma pa bwalo la Monza nthawi yanu yozungulira kamodzi yakakamira pa 1:52 pomwe anzanu akumenya 1:48, ndiye mukufunsa ngati chiwongolero cha direct drive (cholumikizidwa mwachindunji ku mota yake) chingakupulumutseni. Chidzakukomerani m'manja, zimenezo n'zoona, koma masekondi anayi amenewo sali m'chiwongolero. Ali m'phazi lanu la mabuleki ndi m'mene mukugwiritsira ntchito maolawo. Kuzungulira bwalo madzulo onse popanda chinthu chenicheni chimene mukukonza n'kutungira madzi m'dengu, ndipo choopsa n'chakuti phazi ndi manja zimazolowera zolakwika zomwezo mpaka kuzichotsa kumavuta.

Yambani ndi kuimitsa zonse zimene zimasinthasintha. Galimoto imodzi ya GT3 (gulu la magalimoto ampikisano), bwalo limodzi, kwa milungu iwiri kapena itatu. Mu practice ikani nyengo youma, ola lomwelo la tsiku, kutentha komweko, mafuta ofanana nthawi zonse. Mukapanda kutero simudzadziwa ngati mwafulumira chifukwa mwayendetsa bwino kapena chifukwa msewu wazizira ndipo thanki yapepuka. Setup (kachunidwe ka galimoto) tengani ya aggressive imene ili kale m'masewerawo, muisiye choncho. Chokhacho chimene muyenera kukhudza pakadali pano ndi mpweya wa m'matayala. Kuyambira pa version 1.9, matayala a msewu wouma a GT3 amagwira bwino akatentha n'kufika pakati pa 26 ndi 27 psi. Yendani ma lap (maulendo ozungulira bwalo) atatu kapena anayi, onani manambala a tayala lililonse, bwererani ku garaja, onjezani kapena chepetsani. Kudina kamodzi ndi 0.1 psi. Mpweya ukachepa tayala limapindika, galimoto imachedwa kumvera chiwongolero. Ukachuluka, gawo logunda pansi limachepa ndipo imaterereka. Ambiri amadandaula za setup pomwe vuto ndi lomweli.

Pali zinthu ziwiri za pa desiki zofunika kukonza kamodzi basi. Choyamba, G29 imazungulira madigiri 900, choncho nambala yomweyo ikhale mu G HUB (pulogalamu ya Logitech) komanso m'masewera, kuti manja anu ndi chiwongolero cha pa sikirini ziziyendera limodzi. Gain ya force feedback (FFB), kutanthauza kukula kwa mphamvu imene chiwongolero chimabweza m'manja, musaikweze mpaka pamapeto: mphamvu ikadzaza, kugunda kerb (m'mphepete mwa msewu pakona) ndi kuterereka kwa matayala akutsogolo zimamveka chimodzimodzi, ndiye simumva chilichonse chothandiza. Ichepetseni mpaka kachizindikiro ka FFB kasiye kufiira m'makona othamanga. Chachiwiri ndi FOV, kukula kwa malo amene sikirini ikukuonetsani. Sikirini ya mainchi 27 imene ili masentimita 60 kuchokera kumaso imafuna pafupifupi madigiri 31 mu ACC, poti masewerawa amayeza kuchokera pamwamba kufika pansi. Masiku oyamba mudzaona ngati galimoto ikuyenda pang'onopang'ono ndipo m'mbali simukuonamo, koma mtunda wofika pakona mudzayamba kuuyeza molondola. Ndipo mzere wobiriwira ndi wofiira uja wokulozerani podutsa pamsewu uzimitseni lero lomwe. Umakuphunzitsani kuyang'ana pansi patsogolo pa bonet, pomwe maso ayenera kukhala kutali.

Tsopano mabuleki, pomwe pagona nkhani.

Pofika ku Variante del Rettifilo, kona yoyamba ya Monza, GT3 imakhala ikuthamanga cha m'ma 270 km/h. Pa liwiro limenelo mumadutsa mamita 75 pa sekondi imodzi. Kuzengereza kwa 0.1 sekondi ndi mamita oposa 7. N'chifukwa chake kuponda mabuleki mongoganizira sikugwira ntchito: mufunika chizindikiro chosasuntha, monga chikwangwani cha mtunda, poyambira mpanda kapena pamene phula lasintha mtundu. Mthunzi ayi, umasuntha ndi dzuwa. Pakona imeneyi ambiri amaponda pafupi ndi chikwangwani cha 150. Inu yambani msanga pang'ono, chikwangwanicho chisanafike, mpaka muzikhota bwinobwino maulendo asanu motsatizana. Kenako sunthani mamita asanu okha, osati makumi awiri. Mukaphonya pakatikati pa kona kawiri motsatizana, bwererani pomwe munali. Apo ndiye malire anu a lero.

Koma kuchedwa kuponda si kumene kumabweretsa nthawi yambiri. Chachikulu ndi kachotsedwe ka phazi. Pondani mwamphamvu nthawi imodzi galimoto ikadali yowongoka, chifukwa pa liwiro lalikulu mphepo imaikanikizira pansi ndipo matayala amagwira kwambiri. Liwiro likamatsika, mphamvu imeneyo imachepa, ndiye phazi liyambe kubwerera pang'onopang'ono. Pamene mukuyamba kukhotetsa chiwongolero, mabuleki akhale akadali ogwira pang'ono, n'kumatha pamene mukuyandikira pakatikati pa kona. Chifukwa chake n'chakuti mabuleki amakankhira kulemera kwa galimoto kutsogolo, matayala akutsogolo n'kuluma msewu. Mukachotsa phazi mwadzidzidzi, kulemera kumabwerera kumbuyo, mphuno imadzuka, galimoto imakana kukhota. Mukatero mumaonjeza kupotokola chiwongolero, matayala amalira n'kutentha, ndipo mumachedwa kuponda faya. Mukakakamiranso mabuleki kwambiri muli mkati mokhota, tayala limodzi silingachite ntchito ziwiri zonse mokwanira: kutsogolo kumapitirira, kapena kumbuyo kumapepuka n'kukutembenuzani.

Apa G29 ili ndi vuto lake lenileni. Chopondera mabuleki chake chimayeza mtunda umene mwachikankha, osati mphamvu ya phazi, ndipo kumapeto kwake kuli kalabala kolimba. Mwendo wa munthu umakumbukira bwino mphamvu kusiyana ndi mtunda. Choncho ngati ndalama ilipo, zopondera za load cell, zimene zimayeza mphamvu ya phazi, zidzakupatsani zambiri kuposa direct drive. Ngati palibe, onetsetsani mu controls kuti mukaponda mwamphamvu mzere ukufika 100%, zopondera zisamathawe pansi ndipo mpando usamabwerere m'mbuyo. Mpando wamatayala uli pa simenti yosalala umawononga mabuleki kuposa china chilichonse, uchirikizeni kukhoma. Kenako, galimoto ili chiimire, yesani kuponda 100%, kutsika pa 70%, pa 40%, pa 15%, mukuyang'ana mzere wofiira wa mabuleki pa sikirini, kenako maso ali kumbali n'kuyang'ana pambuyo pake ngati mwalondola. Mphindi zisanu musanayambe kuyendetsa n'zokwanira.

Za magiya mwachidule: musatsitse onse nthawi imodzi. Giya yotsika msanga imakoka matayala akumbuyo ndipo galimoto imagwedezeka polowa. Tsitsani imodzi imodzi liwiro likamatsika.

Makona onse safanana phindu. Kona imene ikutsatiridwa ndi msewu wautali wowongoka ndiyo yofunika kuiyamba. Ku Monza ndi Parabolica, Ascari ndi Lesmo yachiwiri. Mukatuluka mu Parabolica ndi liwiro loposa la kale ndi 3 km/h, phindulo mumayenda nalo msewu wonse wopita ku kona yoyamba. Choncho m'makona amenewa lolani kulowa mofatsa pang'ono, galimoto ikhote msanga, kuti muponde faya kamodzi osabwezanso phazi. Kuponda, kusiya, kupondanso ndi chizindikiro chakuti munayamba msanga galimoto isanaloze kotulukira. Nyali ya TC (traction control, yoletsa matayala kuzungulira pachabe) ikamaphethira nthawi yaitali potuluka, ndiye kuti mukuponda chiwongolero chikadali chopotokoka kwambiri, ndipo kompyuta ya galimoto ikudula mphamvu ya injini. Wongolani manja pamene phazi likutsika, ziwirizi ziziyendera limodzi. Maso nawo: mukamaponda mabuleki yang'anani kale pakatikati pa kona, mukafika pakatipo yang'anani kotulukira. Manja amatsata kumene maso ali.

Kuti mudziwe kona yoyamba kukonza, musadalire m'mene mukumvera. ACC imasunga mafayilo a telemetry (manambala a m'mene mwayendetsera) amene amatseguka mu MoTeC i2 Pro, pulogalamu yaulere. Mumangoika chiwerengero cha ma lap oti asungidwe pa tsamba la electronics mu setup. Ikani lap yanu pamodzi ndi ya munthu wokuposani ndi sekondi imodzi kapena ziwiri, pa galimoto yomweyo. Wa 1:47 musamutsanzire kaye, zimene amachita zimafuna luso limene simunafikepo. Yang'anani mizere itatu yokha: liwiro, mabuleki, faya. Funsani kuti iye akuyamba pati kuponda, akumasula motani, liwiro lake lotsikitsitsa ndi liti ndipo lili pamalo ati, nanga faya yonse akuifika pati. Kawirikawiri mudzapeza kuti mzere wanu wa mabuleki ukugwa ngati khoma pomwe wake ukutsetsereka, komanso pali kampata pamene inu simukuponda chilichonse. Ngati MoTeC ikukuvutani, replay yokhala ndi zopondera zikuoneka pa sikirini imakuuzani zambiri mwa zimenezi.

Madzulo amodzi angayende chonchi. Ma lap atatu otenthetsa matayala, osathamangira nthawi. Kenako mphindi 20 pa kona imodzi, chinthu chimodzi: mwachitsanzo kumasula mabuleki mofatsa ku Lesmo yoyamba. Makona enawo ingodutsani bwino. Delta (nambala yoonetsa ngati mwafulumira kapena mwachedwa poyerekeza ndi lap yanu yabwino) muziiyang'ana mukatuluka pakonapo, osati muli mkati, ndipo ngati ikukusokonezani mutu ibiseni. Imani, onani replay, lembani mzere umodzi m'kope: chizindikiro cha mabuleki, giya, chimene chasintha. Pumulani pang'ono, chitaninso mphindi 20. Malizani ndi ma lap 10 osaimitsa. Ola limodzi lotere limaposa maola atatu a hotlap (kungothamangira nthawi ya lap imodzi). Mukaona kuti mwayamba kulakwitsa pamalo amene munali mutawadziwa kale, mutu watopa, zimitsani. Mawa zimene munavutika nazo zimabwera mosavuta.

Batani la restart ndi mdani. Mukalakwitsa kona yoyamba pitirizani lap, chifukwa pa mpikisano mulibe kuyambiranso, ndiponso anthu okonda restart amadziwa bwino theka loyamba la bwalo kuposa lachiwiri. Muyezo woona si lap yanu yabwino koposa, koma ma lap 10 aja: onse akhale ovomerezeka, ndipo kusiyana kwa wofulumira ndi wochedwa kusapitirire theka la sekondi. Wa 1:50.5 nthawi zonse amamaliza patsogolo pa amene amamenya 1:49 kamodzi n'kukagwera mumchenga lap yotsatira.

Kuyendetsa nokha sikuphunzitsa mpikisano, choncho kawiri pa mlungu thamangani ndi AI (magalimoto oyendetsedwa ndi kompyuta) kapena pa intaneti, ndi mafuta a mpikisano. Kuwerengera kwake n'kosavuta: mpikisano wa mphindi 25 ndi masekondi 1,500, kugawa ndi lap ya masekondi 111 kukupatsani ma lap 14 mukakweza, onjezani imodzi yodzitetezera, muchulukitse ndi malita amene galimoto yanu ikuonetsa pa lap. Galimoto yolemera imafuna kuponda mabuleki msanga, matayala ozizira a lap yoyamba nawonso chimodzimodzi. Mukakhala kumbuyo kwa mnzanu, mphepo imakukokani n'kufika pakona ndi liwiro loposa la masiku onse, chikwangwani chanu chija n'kubisikanso. Pondani msanga ndi mamita 10 kapena 15. Ngozi zambiri za kona yoyamba ya Monza zimachokera pomwepa, ndipo zimagwetsa SA yanu (muyezo wa kuyendetsa mosamala), imene ma server abwino amafuna musanalowe.

Kwa amene tikusewerera kuno kummwera kwa Africa pali chinanso. Ma server ambiri ali ku Ulaya, ndipo ping (kuchedwa kwa uthenga pakati pa inu ndi server) imakhala yokwera, kawirikawiri kupitirira 150 ms. Galimoto ya mnzanu imene mukuiona pa sikirini ili pamalo amene kompyuta ikuganizira, osati pomwe ilidi. Siyani mpata wokulirapo mukamayenda mbali ndi mbali, lumikizani ndi waya m'malo mwa Wi-Fi, ndipo ngati mungapeze ligi yokhala ndi server ku Johannesburg, lowani kumeneko.

Nthawi yanu ikakhazikika cha m'ma 1:50, sinthani bwalo musanakhudze setup. Monza ili ndi makona ochepa ndipo imabisa zofooka zambiri. Pitani ku Barcelona kapena ku Kyalami, kumene makona aatali ndi zitunda zimakakamiza phazi kuphunzira kumasula mabuleki bwino, mukachite ndondomeko yomweyi kuyambira pa mpweya wa matayala. Setup muyambe kuisintha pokhapokha mukatha kunena kuti galimoto ikukana kukhota polowa, pakati kapena potuluka, ndipo ikuchita zimenezo lap iliyonse. Pamenepo yambani ndi brake bias (kagawidwe ka mabuleki pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo), kudina kamodzi kapena kawiri kupita kumbuyo ngati ikukana polowa, muyende ma lap asanu musanasinthe china.