Nthano pa filimu zimatheka, bola nyimbo isatayike

Amayi, mwafunsa ngati nthano zimakoma zikasandutsidwa filimu yoonera banja lonse. Zimakoma ndithu, koma zimasintha. M'nthano ya Snow White yolembedwa ndi abale a Grimm a ku Germany, mfumukazi yoipa imavina itavala nsapato zachitsulo zamoto mpaka kufa. Mu filimu ya Snow White ya kampani ya Disney ya 1937 zimenezo mulibe, imangogwa kuphompho.

Nkhawa yanga ili pa nthano zathu kuno ku Chipata. Agogo akati "Padangokhala," ana amavomera "Tili tonse," ndipo mitambo ikada, onse amayimba kuchenjeza Kamdothi kuti athawe mvula. Pa TV mwana amangoti duu, maso tong'o. Komanso nthano yaifupi akaikoka kuti ikwane ola ndi theka, imasukuluka.

Ine ndingakonde timafilimu tatifupi, tam'chinenero chathu, nyimbo yonse ilimo kuti ana aziyimba nawo.