Malipiro a anamwino akakwera, boma limalipira zingati?

FUNSO: Ndine namwino. Bungwe lathu likupempha kuti malipiro akwere ndi 10 peresenti, koma akuluakulu a boma amangoti ndalamazo n'zambiri, osatchula kuti zingati. Kodi ndingathe kuwerengera ndekha?
Namwino wa shifiti ya usiku

YANKHO: Mungathe ndithu, mayi, kakyuleta ya pafoni yanu n'njokwanira. Tiyerekeze kuti boma lili ndi anamwino 10,000 ndipo aliyense amalandira 1,000 pamwezi, m'ndalama ya dziko lililonse. Kukweza ndi 10 peresenti ndiye kuti aliyense aonjezeredwa 100. Chulukitsani 100 ndi anthu 10,000, kenako ndi miyezi 12: mupeza 12 miliyoni pachaka. Mukapeza mndandanda wa magiredi, werengerani giredi iliyonse payokha, chifukwa matironi ndi namwino wongoyamba kumene salandira zofanana.

Koma musaimire pamenepo. Onani payslip yanu. Chilichonse chimene chimawerengedwa potengera malipiro enieni chimakwera nawo limodzi: ovataimu, ma alawansi ena, ndi ndalama imene boma limakuikirani ku penshoni. Ngati ya penshoniyo ili 10 peresenti, onjezerani 1.2 miliyoni.

Tsono pali mbali imene akuluakuluwo sakonda kuitchula. Gawo la ndalama yoonjezerayo limabwerera kuboma komweko ngati msonkho wa PAYE, musanaigwire n'komwe. Msonkhowo ukakhala 25 peresenti, 3 miliyoni yabwerera, ndipo zimene boma latulutsadi ndi 10.2 miliyoni. Ine ndimati potsutsana nawo muzitchula ziwerengero zonse ziwiri, 13.2 miliyoni ndi 10.2 miliyoni, kuti asakugwireni pakamwa.

Chimene chimawaopsa kwenikweni n'chakuti malipiro akakwera satsikanso, ndiye ndalamayi iyenera kupezeka m'bajeti chaka chilichonse. Komanso anamwino mukalandira, m'mawa mwake madokotala, a mulabu ndi aphunzitsi afika pakhomo. Zimenezo n'zoona, koma si mtengo wa pempho lanu.

Inu muwafunse kuti namwino mmodzi akasiya ntchito n'kupita kunja boma limataya zingati, poti kuphunzitsa wina kumatenga zaka zitatu kapena zinayi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2020 kuti dziko lonse lapansi likuperewera anamwino 5.9 miliyoni, choncho owakopa ndi malipiro abwino sasowa. Namwino akaleka kuchoka chifukwa malipiro akwera, ndalama yophunzitsira wolowa m'malo mwake yapulumuka, ndiye muichotserenso pa 10.2 miliyoni ija.