A BSA sangalowe pakhomo panu popanda khoti

Achimwene, mwafunsa ngati a BSA (Business Software Alliance) angabwere pa kafe yanu ya intaneti ku Chinamwali n'kulanda makompyuta poti Windows yake ndi yokopera. Ayi ndithu. Amenewa si apolisi, ndi bungwe loteteza zofuna za makampani opanga mapulogalamu a kompyuta ngati Microsoft ndi Adobe lomwe linayamba mu 1988. Angathe kukulemberani kalata yoopseza, kufuna kuona ziphaso za mapulogalamu anu, koma kulowa n'kufufuza kumafunika chilolezo cha khoti.

Komatu musagone nazo tulo. Lamulo lathu la Copyright la 2016 limatetezanso mapulogalamu a kompyuta, ndiye eni ake atha kukusumirani, mulipire. Kalata ikabwera, pitani nayo kwa loya musanayankhe. Ine ndinangoika LibreOffice, pulogalamu yaulere yolowa m'malo mwa Microsoft Office (osati Windows), pa makompyuta anga atatu. Makasitomala anang'ung'udza sabata imodzi, kenako zii.