Za ndalama za agogo za ku nkhondo

Zikomo achemwali, uthenga wanu ndaumva. Pepani phokosoli, ndili mu minibasi pa Area 18 pano. Mukufunsa kuti agogo anakamenya nkhondo mpaka ku Burma, nanga bwanji anamwalira m'nyumba yaudzu, kodi ndalama anamwera mowa? Ayi ndithu, tisawanamizire akuluakulu aja. Ndalama yake inali yochepa kuchokera kumene inkachokerako.

Paja iwo anali a Keyala, King's African Rifles, aja a ku Zomba. Nkhondo itatha mu 1945, boma la Britain linakonza ndalama yotsanzikana nayo asilikali, yowerengera miyezi imene munthu wagwira. Msilikali wamba wachizungu ankalandira mashereni 10 pa mwezi uliwonse. Mmwenye mashereni 7 ndi theka. Munthu wakuda mashereni 3 ndi theka basi. Tangowerengani nokha: pa zaka zitatu, mzungu mapaundi 18, agogo mapaundi 6 ndi mashereni 6. Nkhalango yomweyo, malungo omwewo, zipolopolo za Ajapani sizinkafunsa kuti uyu ndi wakhungu lanji. Chondiwawa kwambiri n'chakuti ngakhale kopolo wakuda, woti akulamula anzake, ankapatsidwa mashereni 4, osafika n'theka lomwe la mzungu wopanda udindo. Pamwamba pa izo, chikoti chinkagwirabe ntchito pa msana wa msilikali wakuda.

Izitu sizongomva ayi. Zinalembedwa m'mapepala a boma lawo lomwe, atolankhani anazitulutsa mu 2019, aphungu ena ku London mpaka anadzudzula.

Komanso sizinayambe ndi ife. Ku America, pa nkhondo yawo yapachiweniweni, msilikali wakuda ankalandira madola 10 pa mwezi, n'kumudulanso 3 a yunifolomu, pomwe mzungu ankalandira 13. Asilikali akuda a gulu lotchedwa 54th Massachusetts anakana kulandira malipiro kwa chaka ndi miyezi ingapo, mpaka lamulo linasintha mu 1864. Kwathu kuno John Chilembwe anadandaula kale mu 1914 kuti osauka akukafera nkhondo yomwe si yawo.

Ndiye ana akamafunsa, muziwauza zimenezi, osati za mowazo. Ndipo afunseni azakhali ngati kabuku ka usilikali kaja kadakali mu sutikesi. Akajambule tsamba lili ndi nambala yawo, atumize pa gulu pompano, ndikufuna ndione chaka chimene analembedwa ndi chimene anatuluka.